Theka la ola ndi a Carl Rogers

Mu 1965 katswiri wina wa za maganizo ku California, Everett Shostrom, anatulutsa filimu yophunzitsira opereka uphungu yotchedwa Three Approaches to Psychotherapy. Anatenga mayi wa zaka 30 yemwe banja lake linali litangotha kumene, n'kumukhazika kuti acheze ndi akatswiri atatu otchuka a nthawiyo, mmodzimmodzi: Carl Rogers, Fritz Perls ndi Albert Ellis. Filimuyo imangomutchula mayiyo ndi dzina loyamba, Gloria. Gawo la a Rogers ndilo loyamba, ndipo ndi la theka la ola basi. Zooneka ndi maso n'zochepa: mipando iwiri, bambo wachikulire wovala magalasi, ndi mayi amene mawu ake akunjenjemera. Komabe ine theka la ola limeneli ndimaliwerengera pakati pa ntchito zaluso zedi zimene munthu anajambulidwapo akugwira. Ndipo ntchito yake ndi imene aliyense wa ife amadziyesa kuti amaitha, ndiyo kumvetsera munthu akamalankhula.

Atangokhala pansi, Gloria akunena kuti ali ndi mantha, ngakhale mtima wayamba kukhala m'malo chifukwa a Rogers akulankhula motsitsa mawu. Ambirife tikanafulumira kuyankha kuti, "Musaope mayi, palibe choopsa pano." A Rogers satero. Akungomuuza kuti kunjenjemera kwa mawu akeko akukumva. Manthawo sakuwathamangitsa, sakuwatsutsa, akungosonyeza kuti awaona ndipo sakudabwa nawo. Nthawi yomweyo mayiyo akulowa m'nkhani imene yamubweretsa.

Ali ndi mwana wamkazi wa zaka 9. Mwanayo anaona mtsikana wosakwatiwa ali ndi pakati, ndiye anayamba kufunsa mafunso, mpaka anafika pofunsa mayi ake ngati anakhalapo malo amodzi ndi mwamuna wina chisiyanirane ndi bambo ake. Gloria anamunamiza. Bodzalo likumudya, chifukwa iye ndi mwanayo sankabisirana kanthu. Choncho wabwera ndi funso lachindunji, ndipo akulibwereza kangapo: akamuuza mwanayo zoona, amuwononga kapena ayi? Akufuna munthu wophunzira amudulire nkhaniyo.

Pamenepa panali njira ziwiri zosavuta. Yoyamba n'kungomuuza kuti kamuuzeni, kapena musamuuze, iye n'kuthokoza n'kumapita. Yachiwiri n'kubisala m'chizolowezi cha akatswiri chomubwezera munthu funso lake mouma mtima, kuti avutike nalo yekha. A Rogers sakutenga iliyonse mwa ziwirizi. Akuvomera kuti akanakonda akanakhala ndi yankho loti amupatse. Akunena poyera kuti sakufuna kumusiya akuzunzika ndi maganizo. Koma akuti nkhaniyi ndi ya m'kati mwenimweni mwa moyo wake, moti iwo sangamuyankhire, ndipo chimene angachite ndi mtima wonse ndi kumuthandiza kuti afike pa yankho lake. Kukana ndi kulonjeza zikutuluka pakamwa limodzi, moti mayiyo wakanizidwa chimene wapempha koma sanatayidwe.

Kenako akuitembenuzira nkhaniyo kumene Gloria sankayang'anako. Iye wakhala akunena za mwana, kuti kaya mwanayo adzamulandira, kaya adzamuona ngati mayi woipa. A Rogers akumva china pansi pa mawuwo: amene akulephera kumulandira Gloria ndi Gloria mwini wake. Akumufunsa mofatsa kuti ngati zinthuzi iye sakuzivomereza mwa iye yekha, angamasuke bwanji kuzinena kwa mwana? Patsogolo pake akufunsa funso limene ine ndimaliona kuti ndilo la mmisiri weniweni: kodi akanakonda iwo atamuuza chiyani? Gloria sakuchedwa. Akuti akanakonda atamuuza kuti anene zoona, n'kulolera zimene zingachitike, ndi chikhulupiriro choti mwanayo amulandirabe. Yankho anali nalo kuyambira pachiyambi. Chimene ankasowa ndi munthu woti alinenere pamaso pake popanda kuweruzidwa.

Kachitidwe kameneka sikanali kufatsa kwachibadwa chabe. Kanachokera pa zimene a Rogers ankakhulupirira za mmene munthu amadziwira kuti iye ndi ndani. Mu 1902, chaka chomwe a Rogers anabadwa, Charles Horton Cooley wa ku yunivesite ya Michigan anasindikiza buku lotchedwa Human Nature and the Social Order. M'bukumo anafotokoza kuti munthu amadziona kudzera m'maso mwa anzake: amaganizira mmene akuonekera kwa iwo, amaganizira mmene iwo akumuweruzira, ndipo kuchokera pamenepo amanyada kapena kuchita manyazi. Palibe amene amabadwa akudziwa kuti ndi wanzeru, waulesi, wokongola kapena wamwano. Amazimva kwa ena, m'mawu ndi m'kayang'anidwe, mpaka zimakhazikika ngati zake.

A Rogers anaipititsa patsogolo nkhaniyi m'buku lawo la mu 1951, Client-Centered Therapy, ndi m'zolemba zawo za mu 1959. Anaona kuti mwana amafunitsitsa kukondedwa, ndipo sachedwa kuzindikira kuti chikondi cha akulu nthawi zambiri chimabwera ndi malamulo ake. Amakondedwa akakhala chete, akakhoza mayeso, akapanda kukwiya. Mnyamata akamva kawirikawiri kuti mwamuna salira, chisoni sichitha mwa iye, koma amaphunzira kuchikana, mpaka iye mwini amaleka kuchizindikira. Motero munthu amakula ndi zinthu zitatu zomwe sizigwirizana nthawi zonse: mmene amadzionera, mmene amaganizira kuti anayenera kukhalira, ndi zimene akumvadi m'thupi ndi mumtima. Mpata wa pakati pa zitatuzi ukakula, munthu amakhala wosakhazikika, wodziteteza, wonama ngakhale kwa iye yekha. Gloria anali ndi chithunzi cha mayi wabwino chimene sichinkalola mkazi wokhala ndi zilakolako za thupi. Bodza limene anauza mwana linali chipatso cha kusagwirizana kumeneku.

Tsono ngati chithunzicho chinajambulidwa ndi maso a anthu ena, chingathe kusinthanso pamaso pa munthu wina, bola munthuyo akhale woyang'ana mosiyana. M'nkhani yawo yotchuka ya mu 1957, a Rogers anatchula zinthu zisanu ndi chimodzi zofunika kuti munthu asinthe pa uphungu, ndipo zitatu mwa izo zikukhudza womvetserayo: asavale nkhope ina yosiyana ndi zomwe zili mumtima mwake, amulemekeze mnzakeyo popanda kuika malamulo, ndipo ayesetse kumva zinthu mmene mwini wake akuzimvera. Zikalembedwa chonchi zimamveka ngati ulaliki wa khalidwe labwino. Ukaziona zikuchitika ndi pamene umazindikira kuti ndi ntchito yamanja, yofuna zaka.

Zakazo a Rogers anazilipira. Anabadwira ku Oak Park, pafupi ndi Chicago, m'banja lachikhristu lolimba malamulo, ndipo ali ndi zaka 12 banjalo linasamukira ku famu. Ku yunivesite ya Wisconsin anayamba ndi maphunziro a zaulimi. Mu 1922 anapita ku China ku msonkhano wa ophunzira achikhristu, mu 1924 analowa sukulu ya ubusa ya Union Theological Seminary ku New York, kenako anasiya n'kukaphunzira za maganizo ku Teachers College ya Columbia. Kuyambira mu 1928 anagwira ntchito zaka 12 ku Rochester, m'bungwe loteteza ana ku nkhanza. Kumeneko ankachita zimene anaphunzitsidwa: kufufuza, kupeza gwero la vuto, n'kuliulula kwa mwini wake.

Iwo eni anasimba nkhani ya mayi wina wa ku Rochester yemwe mwana wake wamwamuna ankavuta kwambiri. A Rogers anali ataona kuti gwero lake ndi loti mayiyo anamukana mwanayo mumtima kuyambira ali wamng'ono, ndipo anayesetsa kumufikitsa pozindikira zimenezo, koma osaphula kanthu. Pomaliza anagwirizana kuti alekere pomwepo. Mayiyo atafika pakhomo anatembenuka n'kufunsa ngati amalandiranso akuluakulu ofuna uphungu. Atamuyankha kuti inde, anabwerera pampando n'kuyamba kukhuthula za ukwati wake, za kusamvana ndi mwamuna wake, za kudziona wolephera. Zonsezi sizinatuluke nthawi yonse imene a Rogers ankatsogolera. Anaphunzirapo kuti amene amadziwa pamene pakupweteka, ndi kumene nkhani iyenera kulowera, ndi mwini wake wa vutolo.

Chimene chimandichititsa kuwalemekeza koposa ndi zimene anachita atapita ku yunivesite ya Ohio State mu 1940. Nthawi imeneyo zokambirana za wopereka uphungu ndi munthu wake zinali za kuseri kwa chitseko. Katswiri ankalemba zimene wakumbukira, ndipo munthu akamakumbukira ntchito yake amadzikometsera. A Rogers ndi ophunzira awo anayamba kujambula mawu a zokambiranazo pa zimbale za galamafoni. Chimbale chimodzi chinkangotenga mphindi zochepa, moti kujambula ola lathunthu inali ntchito yotopetsa. Akatha ankazilemba liwu ndi liwu, n'kukhala pansi kumvetsera. Ankafunsa kuti: pamene munthuyu anayamba kumasuka, wopereka uphungu anali atangonena chiyani? Nanga pamene anatseka pakamwa n'kusintha nkhani? Mu 1942, m'buku lotchedwa Counseling and Psychotherapy, anasindikiza zokambirana zonse zisanu ndi zitatu za bambo wina amene anamupatsa dzina lobisa lakuti Herbert Bryan, pamodzi ndi ndemanga zosonyeza pamene wopereka uphunguyo anachita bwino ndi pamene anaphonya. Ndi amisiri ochepa amene amalola ntchito yawo kuikidwa pambalambanda chotere. Zimbalezo zinaonetsa mobwerezabwereza kuti kulangiza, kutanthauzira, ngakhale kutonthoza kumene, kawirikawiri kumaidula nkhani, pomwe kumubwezera munthu zimene akumva, molondola, kumamutsegulira njira yopitirira.

Kubweza kumeneku ndiko anthu ambiri amakumva molakwa. Amaganiza kuti ndi kubwereza mawu omaliza a mnzako. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT analemba pulogalamu ya kompyuta yotchedwa ELIZA imene inkachita zomwezo: munthu akalemba kuti wakhumudwa, iyo inkatembenuza mawuwo n'kuwabweza ngati funso. Nthabwala zambiri zonyoza njira ya a Rogers zimachokera pa kamvedwe kotere. Koma onerani filimuyo muone ngati bamboyu akubwereza mawu. Amachita ngati mayi wopeta chimanga m'lichero: zonse zimene munthu wakhuthula amazilandira, mankhusu amawalola auluke, n'kumubwezera mwini wake maso a chimanga okhaokha kuti awaone. Luso lagona pa kudziwa kuti mwa mawu makumi asanu amene anenedwa, olemera ndi ati.

Tiyerekeze ndi za kwathu kuno. Mnyamata walephera kachiwiri mayeso a Fomu 4, ndipo akuuza amalume ake kuti, "Amalume, ine basi. Mutu wangawu ndi wouma. Ndangowonongetsa ndalama za amayi." Amalume ena ayankha kuti, "Usatero mphwanga, chaka chamawa udzakhoza." Mawuwo ndi achikondi, koma amuuza mnyamatayo kuti zimene akumva n'zosayenera kunenedwa, ndipo nkhani yathera pomwepo. Ena ati, "Ndinkakuuza ine za mpira uja." Awa atsimikizira chithunzi chimene mnyamatayo wadzijambulira. Wobwereza mawu chabe anganene kuti, "Ukuti mutu wako ndi wouma," ndipo mnyamatayo adabwa kuti amalume alowa chiyani. Womvetsera mwa njira ya a Rogers anganene kuti, "Mmene ndikumvera ine, kulepherako n'kowawa ndithu, koma chikukupweteka kwambiri n'kuwayang'ana m'maso mayi ako, podziwa mmene anavutikira kupeza fizi. Kapena sindinamve bwino?" Mnyamatayo akhoza kuvomera n'kugwetsa misozi. Akhozanso kukana, n'kunena kuti ayi, chikumuwawa n'choti anzake onse apita iye watsala. Njira zonse ziwiri n'zabwino, chifukwa tsopano akufufuza yekha zimene zili mumtima mwake, ndipo wayamba kusiyanitsa pakati pa "ndine wopanda nzeru" ndi "ndili ndi manyazi". Choyambacho ndi chigamulo cha moyo wonse. Chachiwiricho ndi chinthu chimene munthu angathe kuchinyamula n'kudutsa nacho.

Kafunso kakumapetoko, kakuti "kapena sindinamve bwino", si ulemu wongokometsera. A Rogers pafupifupi nthawi zonse amalankhula moyesa, ngati munthu woponda pa mwala wa pamtsinje asanaikepo thupi lonse. Gloria akawakonza, iwo amalandira msanga n'kutsata kumene iye walozako. Mu 1986, atakalamba, analemba kuti sankakondwa ndi mmene anthu anasandutsira njira yawo kukhala kachitidwe kongobweza mawu. Anati chimene iwo amachita kwenikweni ndi kuyesa ngati amva molondola. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wobweza mawu amayang'ana pa njira imene anaphunzitsidwa. Woyesa kumva kwake amayang'ana pa munthu, ndipo amavomereza kuti mwini nkhani ndiye woweruza.

Chakumapeto kwa theka la ola lija kukuchitika chinthu chimene palibe buku likanamukonzekeretsa munthu. Gloria akunena kuti akusangalala kulankhula nawo, ndipo akulakalaka iwo akanakhala bambo ake. Akuwonjezera kuti sakudziwa chifukwa chimene maganizowo amubwerera. Katswiri wotsatira chiphunzitso cha Freud akanaona apa mwayi wofotokoza kuti mayiyu akusamutsira pa dokotala zimene amamva za bambo ake. Wina akanachita manyazi n'kuthawira ku nkhani ina. A Rogers akumuyankha kuti kwa iwo akuoneka ngati mwana wabwino ndithu, ndipo mosataya nthawi akubwerera kwa iye: kuti zikuoneka kuti chimamupweteka kwambiri n'chakuti sanathe kumasuka ndi bambo ake enieni. Taonani kuchuluka kwake. Mtima wawo auonetsa m'chiganizo chimodzi chokha, osapitirira, kenako abweza nkhani kwa mwini wake. Akanangokhala chete, mayiyo akanamva kuti wachita chopusa. Akanachulutsa, nkhani ikanasanduka ya iwo.

Gloria akusimba kuti bambo ake samumva, amafuna iye akhale wangwiro, ndipo iye posachedwa anawalembera kalata yowauza kuti akugwira ntchito yoperekera zakudya m'lesitilanti, akudziwa bwino kuti sakondwera nazo. A Rogers akumubwezera kuti zili ngati akuwamenya nako kunenako, kuwauza kuti ndi uyu mwana wanu, muoneni. Mayiyo akuvomera, ndipo akuulula kuti pansi pa kumenyako chimene akufuna n'chakuti bambo akewo amuuze kuti amamukonda mmene alilimo. Maso ake alengeza misozi. Atanena kuti kucheza kotere ndi anthu achikulire omumvetsa kuli ngati kungoyerekeza, a Rogers akukana, akuti iwo sakuona kuti n'kuyerekeza. Iye akuwakumbutsa kuti si bambo ake enieni, ndipo iwo akuvomera, n'kufotokoza kuti akunena za kuyandikana kwa mitima kumene kwachitika pakati pawo. Apa ndi pamene ndimaona tanthauzo la kusavala nkhope ina. Munthu wongofuna kusangalatsa sakanamutsutsa mayi amene akulira. Iwo anamutsutsa chifukwa zimene ananenazo sizinali zoona kwa iwo, ndipo ankamulemekeza mokwanira kuti amuuze.

Kodi zoterezi zimasinthadi mmene munthu amadzionera, kapena zimangomutonthoza kwa kanthawi? A Rogers sanafune kuti anthu angowakhulupirira. Atakhazikitsa malo a uphungu ku yunivesite ya Chicago mu 1945, gulu lawo linagwiritsa ntchito njira ya William Stephenson yosanja makadi. Munthu ankapatsidwa makadi 100, lililonse lili ndi chiganizo chofotokoza khalidwe kapena mmene munthu amamvera. Ankawasanja kawiri: koyamba monga mmene akudzionera, kachiwiri monga mmene akanafunira kukhalira. Zotsatira zake zinatuluka mu 1954 m'buku limene a Rogers anakonza ndi Rosalind Dymond. Mwa anthu obwera kudzafuna thandizo, masanjidwe awiriwo poyamba sankagwirizana pafupifupi n'komwe, koma uphungu utatha anayandikirana moonekeratu. Kafukufukuyu anali ndi zofooka zake, monga mmene zimakhalira ndi ntchito yoyamba pa chinthu chatsopano, koma anaonetsa kuti chithunzi cha munthu mumtima mwake ndi chinthu choti n'kuchiyeza, ndipo chimasuntha.

Sindikufuna kubisa pamene njirayi inaperewera. Ku Wisconsin, kumene anabwerera mu 1957, anaiyesa pa odwala misala ogonekedwa m'chipatala, ndipo zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 1967, sizinali zokhutiritsa monga ankayembekezera. Mu 1966 Charles Truax, yemwe anagwirapo nawo ntchito, anasanthula mawu ojambulidwa a uphungu wa a Rogers n'kupeza kuti sankalandira mawu onse mofanana: ankaonetsa kumvetsa ndi kutentha mtima kwambiri pamene munthu walankhula mozindikira za iye mwini, kusiyana ndi pamene akungozungulira. Ena anati umenewu ndi umboni woti nawonso ankatsogolera, mobisa chabe. Ine ndimaona kuti Truax anangotsimikizira kuti apa pali luso. Kumvetsera kosasankha kalikonse kulibe. Funso ndi lakuti ukusankha motsata chiyani, zofuna zako kapena kumene mwini nkhani akulowera. Ndipo umboni wowatsutsawo unapezeka chifukwa iwo eni analola kujambulidwa.

Gloria naye, atafunsidwa kumapeto kwa filimuyo, anati pa nthawi imeneyo amene akanamuthandiza kwambiri ndi Perls, yemwe anamuputa ndi kumukwiyitsa. Koma amene anapitiriza kulemberana naye makalata kwa zaka zambiri, mpaka imfa yake, anali a Rogers ndi akazi awo a Helen.

Pali funso lina limene wowerenga wa kwathu angafunse, ndipo n'loyenera. Kuno munthu akapita kwa ankhoswe, kwa abusa kapena kwa azakhali, amapita kukatenga malangizo. Wamkulu amene angomvetsera osalangiza angaoneke ngati wakana udindo wake. Komanso njira ya a Rogers inakulira ku America, kumene munthu amaphunzitsidwa kuti moyo ndi wake yekha, pomwe kwathu chosankha cha munthu mmodzi chimakhudza mbumba yonse. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti ankhoswe aleke kulangiza. Koma amene anakhalapo pa nkhani ya banja amadziwa kusiyana kwa nkhoswe imene imayamba kuweruza mkazi asanamalize chiganizo, ndi ija imene imamulola afike kumapeto, n'kunena kuti, "Mayi, ngati ndamva bwino, za ndalamazo n'zazing'ono, chakupwetekani n'chakuti anakunyozani pamaso pa ana." Malangizo a nkhoswe yachiwiriyi amagwira, chifukwa agwera pa bala lenileni. Luso la a Rogers silichotsa malangizo pa malo ake. Limangoonetsa kuchuluka kwa ntchito imene iyenera kuchitika malangizowo asanatuluke, ndiponso kuti nthawi zina ntchitoyo ikachitika bwino, munthu amadzilangiza yekha.

Iwo eni sanaitsekere njirayi m'chipinda cha uphungu. Mu 1951, polankhula ku yunivesite ya Northwestern, ananena kuti chotchinga chachikulu pakati pa anthu awiri ndi chizolowezi chathu chofulumira kuweruza zimene mnzathu wanena, kuvomereza kapena kutsutsa, tisanazimvetse. Nkhaniyo inatulukanso mu 1952 m'magazini ya Harvard Business Review, ndipo inali ndi lamulo limodzi loti anthu okangana aliyese: munthu asanene maganizo ake asanafotokoze kaye maganizo ndi zomva mumtima za amene wangolankhulayo, mpaka mwini wakeyo akhutire kuti wamvedwa. Anachenjeza kuti zimenezi zimafuna kulimba mtima, popeza ukamumvetsadi munthu, pali ngozi yoti iweyo usinthe. M'zaka zawo zomaliza anatengera ntchitoyi kumene kunali udani weniweni. Anakhala ndi gulu la Akatolika ndi Apulotesitanti a ku Belfast, ndipo mu 1982 ndi 1986 anapita ku South Africa pamodzi ndi Ruth Sanford, kumene anakhazika anthu akuda ndi azungu m'chipinda chimodzi pa nthawi ya tsankho, kuti amvane zimene sankauzana. Anamwalira pa 4 February 1987 ku La Jolla, ali ndi zaka 85.

Filimu ya Gloria inapangidwira ophunzira, koma lero ili pa intaneti, ndipo zinsinsi za mayiyu zaonedwa ndi anthu ochuluka kuposa amene iye akanawaganizira. N'chifukwa chake iyenera kuonedwa mwaulemu. Koma inu amene ntchito yanu ndi kukhala pansi ndi anthu osweka mtima, kaya ndinu anamwino, aphunzitsi, ankhoswe, akulu a mpingo kapena opereka uphungu kumalo oyezera magazi, ipezeni muionere kawiri. Ulendo woyamba tsatirani nkhani ya Gloria. Ulendo wachiwiri muziimitsa filimuyo iye akangomaliza kulankhula, munene mokweza zimene inu mukanayankha, kenako mumve zimene a Rogers anayankha.